Maliro Anakana Kuwoloka Manyame

Galimoto ya magetsi ija sindinaikonde kuyambira tsiku limene inafika papulazi pathu ku Selous. Chinthu chanji choyenda osalira? Thirakitala imakuchenjeza ikadali kutali, lole nayo imabwera ikutsokomola, koma iyi umangozindikira yaima kale kumbuyo kwako pakhomo la shedi, phee, ngati munthu wodzamvetsera zimene mukunena. Ife osankha zitheba ndi nsawawa tinkatsitsa mawu ikafika. Inali veni yoyera yotseka kumbuyo, yonyamula makireti kupita nawo ku Harare, ndipo ikabwerako ankailumikiza chingwe kukhoma la shedi kuti imwe magetsi a sola.

Amuna anga ankandiseka nazo. Iwo ntchito yawo inali ya mapampu ndi mapaipi othirira, ndiye chilichonse chokhala ndi waya ankachikhulupirira ngati m'bale wawo. "Iwe mayi wa ana, umakayikira ndi mchere womwe," ankatero. Ine ndinkawayankha kuti kukayikirako n'kumene kwandifikitsa pano, ndipo mpaka lero sindinasinthe.

Anadwala chifuwa nthawi yozizira, chinawakakamira, mpaka tinakawagoneka kuchipatala ku Harare. Tsiku lomaliza limene ankatha kuyankhula anandikoka dzanja n'kundiuza kuti, "Ukandigoneke pafupi ndi mwana." Mwana wathu woyamba, wamkazi, anatisiya asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo ali kumanda a papulazi, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Ife tilibe kumusha kumene anzathu Achishona amapita ndi maliro awo. Agogo anga anachokera ku Malawi, makolo a amuna anga anachokera ku Tete, ndipo tonse tinabadwira m'makomboni. Kwathu ndi pamene pagona akufa athu, basi. Mawu awo aja ndinawamva ndekha, pabedipo panalibe wina, ndipo vuto langa lonse linayambira pamenepo.

Akulu awo a amuna anga amakhala papulazi ina ku Beatrice, kumene kunaikidwa bambo ndi mayi awo. Ana anga amawatcha bambo aakulu, nanenso ndimawatcha choncho. Ndi munthu wamtali, woyankhula mofatsa, amene akamakuyankhula sakuyang'ana m'maso koma paphewa. Atangofika pasiwa, asanamwe ndi madzi omwe, ananena kuti mng'ono wawo akagona ku Beatrice kumapazi kwa makolo ake. Ine ndinakana. Ndinakana mokweza, anthu ali pomwepo, ndipo akuluakulu a tchalitchi pamodzi ndi aforomani anati mawu a womwalira salumphidwa. Ndinkayembekezera nkhondo. Koma bambo aakulu anangopukuta chipewa chawo ndi dzanja n'kunena kuti, "Chabwino, mayi aang'ono. Tikamva kwa mwiniwake."

Kuvomera msanga kumeneko kunandidetsa nkhawa kuposa mkangano weniweni. Galu wamkota sakandira pachabe.

Lole ya papulazi inali itamasulidwa injini sabata imeneyo, choncho amanijala anati titenge veni. Asa! Amuna anga anyamulidwe m'chinthu cha zitheba, chimene ine sindinkafuna n'kuchikhudza komwe? Koma ndikanatani, wopatsidwa sasankha. Dalaivala wake anali bambo wa ku Mhondoro amene anayendetsa lole zaka zambiri, ndipo veniyi anali atangoipatsidwa kumene. Munthu waulemu, woomba m'manja pokupatsa moni. Ndinalibe naye chifukwa, kungoti anthu aulemu kwambiri ine ndimawayang'ana kawiri.

Tinanyamuka m'mawa kukatenga thupi ku Harare, adzukulu atayamba kale kukumba pambali pa manda a mwana. Ndinamva mapiki awo tikudutsa pa bulugamu, mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Bambo aakulu anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Ine ndi azakhali a ana, mlongo wawo wa malemu, tinayala mphasa kumbuyo pamene pamakhala makireti. Kuchoka pashedi kupita kumsewu wa tara pali chitsikiro chokathera pakamtsinje. Veni inatsetsereka pamenepo ngati wilibala yosiyidwa, mpaka dalaivala anaponda buleki ife n'kugwirana mikono. Kupitirira apo sindinaonenso china. Ndinafunda nsalu kumutu ndikulira mpaka m'tauni.

Kumochale tinadikira nthawi yaitali. Nditatopa pabenchi ndinatuluka kuti ndikapume mpweya, ndipo ndinawapeza awiriwo, bambo aakulu ndi dalaivala, ataima kuseri kwa veni akupatsirana fodya, akuyankhula Chishona chapansipansi. Dalaivala ankaloza m'kati cha kuchiwongolero. Atandiona onse anakhala chete, bambo aakulu n'kuponda fodya uja ndi nsapato. Ndinawafunsa kuti nkhani yake ndi yotani, iwo anati, "Za amuna, mayi aang'ono." Ndinabwerera pabenchi ndikutafuna lilime. Mumtima ndinati nkhanga zinapangana kusanache, ndipo lero ndiona.

Bokosi litalowa m'veni, azakhali anagwada n'kuika dzanja pachivundikiro. Ife ndife Akhristu, tinapemphera kaye, koma maliro sitinyamula osawauza. Munthu wakufa umamudziwitsa kuti tanyamuka, umamuuza pamene mwafika, makamaka powoloka mtsinje, chifukwa ngati sakufuna kumene mukupita naye, kapena ngati ali ndi mawu, amalemera, galimoto n'kukana kuyenda. Izi aliyense wa m'komboni anakula akuzidziwa. "Achimwene, tanyamuka," anatero azakhali. "Tikupita nanu kwanu." Ndinadikira kuti atchule dzina la malo, sanatchule. Ndiye ndinawerama ndekha n'kunena kuti, "Ku Selous, bambo a ana. Pafupi ndi mwana." Bambo aakulu sanacheuke.

Tisanatuluke m'tauni, pa maroboti oyamba, veni inadzigwira mwadzidzidzi. Sinali buleki yoti tswii, ayi. Zinali ngati munthu wagwira galimoto kumbuyo ndi manja awiri n'kumaikoka pang'onopang'ono. Bokosi linasendera kutsogolo n'kugunda chitsulo cha kumpando, gu.

"Mwamva?" anafunsa bambo aakulu, akuyang'anabe kutsogolo.

"Ndamva buleki," ndinayankha. "Adalaivala, yendetsani bwino, simunanyamule kabichi."

Dalaivala anapepesa, koma khosi lake linali litayamba thukuta. Ine ndinakhwekhwereza thupi mpaka kumutu kwa bokosi, kuseri kwa mpando wake, pamene ndinkatha kuona pakati pa mipando iwiri mpaka kumapazi ake. Ndinati ngati pali masewera, ali kuphazi, ndipo phazi limenelo sindilichotsa diso. Azakhali anandikoka chitenje kuti ndikhale bwino, ndinawakutumula dzanja.

Titatuluka m'tauni n'kulowa msewu waukulu wopita ku Norton, ndinaona dalaivala akudina kabatani pachiwongolero ndi chala chachikulu. Kenako anachotsa phazi pamoto n'kuliika pansi, pambali pa linzake. Galimoto inapitirira kuyenda, liwiro lomwelo, popanda woponda. Ndinafuna kufunsa, koma ndinati ndikafunsa ndiwapatsa poyambira, ndikhale chete ndione. M'veni munali zii. Galimoto ina ikanatibisira ndi phokoso la injini, koma iyi inkatisiya tizimva chilichonse, ngakhale kupuma kwa azakhali ndi kukhuluzika kwa bokosi pamphasa.

Musanafike pa mlatho wa Manyame msewu umatsika pakati pa timapiri. Galimoto iliyonse pamenepo imathamanga yokha, maminibasi amene kuno timati makombi ndiye amachita ngati akuthawa moto. Ife titayamba kutsika, azakhali anaika dzanja pabokosi n'kunena kuti, "Achimwene, tikuwoloka Manyame." Mawu asanathe, veni inayamba kudzigwira. Kunsi kwathu kunamveka kulira kwapansipansi, hiii, ngati munthu wobuula atatseka pakamwa. Ndinamva kukoka kuja m'chifuwa mwanga. Ndinayang'ana mapazi a dalaivala. Abale inu, onse awiri anali pansi, osakhudza buleki, osakhudza kanthu. Pagalasi la kutsogolo kwake kamzere kobiriwira kankakula. Galimoto inkatsika chitsikiro ikukana kuthamanga, ndipo palibe munthu wamoyo amene ankailetsa.

"Imikani," anatero bambo aakulu.

Tinaima pambali pa msewu, mlatho ukuoneka patsogolo. Malole ankatidutsa akugwedeza veni ndi mphepo yawo. Bambo aakulu anatsika, anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kuima pamenepo chipewa chili m'manja.

"Mayi aang'ono, mwakhala mukuyang'ana phazi la munthuyu kuchokera m'tauni. Ndakuonani. Tiuzeni, anaponda buleki?"

Ndikanatha kunama, koma osati bokosi lili pomwepo. "Sanaponde," ndinatero. "Koma ndi galimoto yake yachabechabeyi. Adalaivala, nenani, mwangokhala chete bwanji ngati mwameza fupa?"

Dalaivala anabwera akupukuta manja pa ovolosi. Anayankhula Chishona chosakaniza ndi Chichewa chake chothyokathyoka. Anati veniyi inapangidwa choncho. Ukadina batani lija imasunga liwiro limene waipatsa, ndiye potsika imadzigwira yokha kuti isapitirire, ndipo mphamvu ya kutsikako imabwerera m'batire. Anati ngakhale osadina batani, ukangochotsa phazi pamoto imadzigwira, ndi zimene zinachitika pa maroboti.

Bambo aakulu anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati mphunzitsi. Kenako anafunsa mofatsa, "Nanga m'mawa? Pachitsikiro cha papulazi panu paja, munachotsa phazi, ndinaona. Inadzigwira?"

Dalaivala anayang'ana pansi. "Pamenepo sinadzigwire."

"Inathamanga mpaka munaponda buleki."

"Inde, baba. Koma panjira inachitako pang'ono."

"Ine sindinamve. Azakhali, munamva? Mayi aang'ono, munamva?"

Sindinamve. Ndinali nditafunda nsalu ndikulira, ndikanamva bwanji? Ndinafunsa dalaivala kuti afotokoze chifukwa chake m'mawa inatsetsereka, iye anangotambasula manja. Anati sakudziwa, galimotoyi ndi yachilendo kwa iyenso. Kenako ananena mawu amene anandilasa, akuyang'ana bokosi cham'mbali. Anati iye za m'banja mwathu salowerera, ali ndi ana akeake, ndipo safuna kukangana ndi munthu wakufa.

Azakhali anayamba kulira mokweza, akusisita bokosi. "Achimwene, ngati muli ndi mawu nenani. Musativutitse pamsewu. Talakwa chiyani?" Ine ndinkawayang'ana, osadziwa ngati misozi ija inali ya chisoni kapena ya pangano. Ndinali nditayamba kukayikira aliyense, mpaka mayi wogulitsa matimati patsidya pa msewu amene ankationerera.

Apo bambo aakulu anatulutsa chimene anabwera nacho kuchokera ku Beatrice. "Mawu aja akuti mukandigoneke pafupi ndi mwana," anatero, "anawamva ndani? Inu nokha. Ife sitikuti mwanama, ayi. Koma mwiniwake wayankha tonse tikuona. Wakana kuwoloka."

Sitikuti mwanama! Munthu akafuna kukutcha wabodza mwaulemu amayamba choncho. Ndinatsika m'veni, ndinamanga chitenje, n'kuwaima pamaso. Ndinawauza kuti ine ndi amene ndinkasambitsa mng'ono wawo, ine ndi amene ndinkagona pansi pa bedi lake kuchipatala, iwo ali ku Beatrice akutumiza moni pafoni. Ndinawauza kuti galimoto iyi ndi yopenga kuyambira kale ndipo ingachite zomwezi ngakhale itanyamula mbuzi. Iwo ankangoyang'ana paphewa langa. Kufatsa kwawoko kunandipsetsa mtima kwambiri, mpaka ndinakuwa kuti, "Tembenuzani galimoto! Ilozeni kwanu ku Beatrice, tione ngati sakananso. Akakana uko, tibwerera ku Selous ndipo mutseka pakamwa."

"Akavomera?" anafunsa.

"Akavomera mupite nawo."

Ndinali wotsimikiza. Ndinati chinthu chimene chadzigwira pa maroboti ndi pano chidzigwiranso kulikonse, kaya chiloze kum'mawa kaya kumadzulo. Chimene sindinaganize, ine mkazi wodzitama ndi kukayikira, ndi chakuti potembenuka pamenepo, chitsikiro chija chimasanduka chitunda.

Dalaivala anatembenuza veni. Ndinabwerera pamalo panga kuseri kwa mpando wake, maso kuphazi. Anaponda moto pang'ono mpaka tinalowa mumsewu, kenako chala chija chinadina batani, phazi n'kutsika pansi. Ndipo veni inanyamuka. Inayamba kuwonjezera liwiro yokha, ikukwera chitunda, mosalala, popanda kubuula, popanda kugwedezeka. Bokosi linabwerera m'mbuyo pang'ono n'kukhazikika. Tinapitirira lole ya malasha imene inkakwera ikutulutsa utsi, ife osamveka n'komwe.

"Taonani phazi, mayi aang'ono," anatero bambo aakulu.

Ndinkaliona. Linali pansi.

Azakhali anagwa pabokosi akulira ndi kuseka pamodzi. "Akupita okha! Achimwene akudziyendetsa okha, akupita kwa amayi!" Ndinadikira kuti idzigwire, ndinapempha mumtima kuti idzigwire kamodzi kokha, koma msewu unali wokwera ndi wopanda kanthu, ndipo inkangopita. Titafika m'tauni inadzigwira ndithu pa maroboti, ine n'kukuwa kuti, "Apo! Mwamva?" Bambo aakulu anayankha osacheuka kuti pa maroboti aliyense amaima.

Chimene chinandipweteka kwambiri pa ulendo umenewo si bambo aakulu, si dalaivala. Ndinayamba kukayikira amuna anga. Ndinakhala pambali pa bokosi lawo ndikuwafunsa chamumtima kuti kodi munandiuza zija pongondisangalatsa? Kodi mtima wanu unali kwa amayi anu nthawi yonseyi? Munandisiya ndikangane ndi abale anu pamaso pa anthu, inu mukudziwa kuti mukandichititsa manyazi pamsewu? Munthu amene ndinakhala naye zaka zonse zija, amene sanandinamizepo ngakhale za mowa, ndinamunyamula kupita naye kumanda ndili naye mkwiyo. Dzanja langa ndinalichotsa pabokosi, ndipo sindinalibwezerepo mpaka ku Beatrice.

Bambo aakulu anaimba foni kupulazi kuti anthu asadikire, amene angathe apeze makombi atitsatire. Ana anga anabwera ndi aforomani. Tinaika maliro tsiku lotsatira, kumapazi kwa apongozi anga, pamanda a pulazi imene ine sindiidziwa, pakati pa anthu amene ankandiyang'ana cham'mbali. Nkhani inali itafika ife tisanafike. Amayi ena pophika ankanong'onezana kuti ndi uyu amene anafuna kuba maliro a mwamuna wake, mwiniwake n'kukana pamtsinje. Ndinawamva bwinobwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinayankhe.

Ndinabwerera ku Selous, ndinabwerera kushedi. Veni ikafika ndinkatembenuka kuyang'ana kukhoma. Dalaivala akandiombera m'manja ndinkayankha ndi mphuno.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, mutu unkandipweteka masiku ambiri, ndipo aforomani anati ndikwere veni indisiye kukiliniki ku Norton popita ku Harare. Ndinakana, koma kombi sinabwere, dzuwa likukwera. Ndinakwera kutsogolo, nditakumbatira chikwama. Kumbuyo kunali makireti a zitheba.

Pachitsikiro cha papulazi veni inatsetsereka ngati tsiku lija, dalaivala n'kuponda buleki. Atawoloka kamtsinje anayamba yekha kuyankhula, ine osamufunsa. "Amai, ndinafunsa kwa amene amaikonza. Ikachoka pachingwe batire imakhala yodzaza. Ndiye potsika ilibe poika magetsi obwerera, sidzigwira. Zili ngati kuthira madzi mumtsuko wodzaza kale. Ikayendako, batire n'kutsika, imayamba kugwira. Ikalemedwa ndi katundu potsika imagwira kwambiri. Tsiku lija sindinkadziwa."

Titayenda ndithu pamsewu wa tara, anayang'ana kumbuyo ngati kukubwera galimoto, n'kunena kuti, "Mverani." Anachotsa phazi pamoto. Kukoka kuja kunabwera, komweko, m'chifuwa momwemo, ndi kubuula komweko kunsi kwa mpando. Makireti anasendera n'kugunda chitsulo. Kumbuyoko kunalibe munthu wakufa, kunali zitheba zimene ndinasankha ndekha dzulo lake. Anachitanso kachiwiri. Kenako pa kachitunda kena anadina batani, anaika phazi pansi, veni n'kukwera yokha.

Ndinamuuza kuti aime. Ndinatsika n'kusanza m'udzu. Nditapukuta pakamwa ndinabwerera, ndinatseka chitseko, n'kumuyang'ana m'maso.

"Tsiku lija titatembenuka pa Manyame, munadiniranji batani?"

"Ndimadina nthawi zonse pamsewu waukulu, amai. Ndiponso miyendo inkanjenjemera, ndinaopa kuti phazi lindinamiza."

"Simunadziwe kuti pokwera sidzigwira?"

"Ndinkadziwa. Koma inu ndi amene munati titembenuke. Ndikanati chiyani pamaso pa akulu a malemu?"

Linatsala funso limodzi, limene linkandidya kuyambira kumochale. "Kuseri kwa veni kuja, mukusuta fodya, munkakambirana chiyani?"

"Ankandifunsa za batani lomweli," anatero. "Anaona m'mawa ndikudina. Anafunsa kuti limachita chiyani potsika, limachita chiyani pokwera. Ndinawauza."

"Munawauza zonse?"

"Zimene ndinkadziwa."

"Ndiye pamtsinje paja ankadziwa."

"Kaya, amai. Ine ndinawauza, iwo anangogwedeza mutu. Ngati anamvetsa kapena ayi, sindinalowe mumtima mwawo."

Anandisiya pakiliniki ku Norton. Potsika anandiombera m'manja monga mwa nthawi zonse, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati munthu ameneyo ndi wamantha chabe kapena anagulidwa ndi ndudu imodzi. Za bambo aakulu ndiye ndimazitembenuza tsiku ndi tsiku ndikusankha zitheba. Tsiku lina ndimati anakonza zonse, anadziwa kuti pa Manyame pali chitsikiro ndipo anadziwa mlomo wanga, anangodikira kuti ndidzikole ndekha. Tsiku lina ndimakumbukira kuti poika maliro ankalira ngati mwana, n'kumati mwina anakhulupiriradi kuti mng'ono wawo wayankha. Ndinawaimbira kamodzi n'kuwauza za batire yodzaza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti, "Azungu ali ndi mayankho awo, mayi aang'ono, ifenso tili ndi athu. Ana ali bwanji?" Ndinadula foni ndisanatukwane.

Aforomani anandiuza kuti za kufukula ndiiwale. Zimafuna chilolezo cha boma ndi cha abale a malemu, ndipo abalewo ndi omwewo.

Kwa amuna anga ndinapita kukapepesa. Ndinakwera makombi mpaka ku Beatrice osauza munthu, ndinapita molunjika kumanda, osadutsa pakhomo pa bambo aakulu. Ndinagwada n'kuika dzanja padothi, ndinawauza kuti ndinakukwiyirani pachabe, simunakane inu, inali galimoto. Ndinawauza kuti mawu anu ndinawamva bwino ndipo ndinalephera kuwasunga. Sindinakhalitse, chifukwa mayi wina wotola nkhuni anali ataima patali akundiyang'ana.

Manda amene adzukulu anakumba ku Selous anali atatha kale pamene foni ya bambo aakulu ija inkafika. Dzenje la manda silisiyidwa lopanda kanthu, limaitana munthu wina. Choncho madzulo a tsiku lomwelo, ife tili ku Beatrice, akuluakulu otsala m'komboni anadula thunthu la nthochi kuseri kwa nyumba yanga, analikulunga m'bulangete la amuna anga, analitsitsira m'dzenjemo n'kukwirira. Mwana wanga wagona pafupi ndi thunthu la nthochi. Ndikapita kukapalira manda ake, ndimapaliranso pamenepo.